Dothi la pa Bokosi la Achimwene

Ndinadzuka kunja kudakali mdima, mwendo wa mayi wina uli pamsana panga. Tinagona mothithikana pa kapeti ya pabalaza m'nyumba ya achimwene anga ku Thamesmead, amayi okhaokha, ena atafunda zitenje pamwamba pa majekete. Abambo anali m'galaja. Nyimbo zinali zitaleka kalekale, chifukwa mzungu wa khomo loyandikana nalo anamenya khoma, ndipo ataona kuti sitikumva anabwera yekha pakhomo atavala zogonera kudzanena kuti mawa ali ndi ntchito. Kwa eni kulibe mkuwe. Maliro a munthu wamkulu tinawalira monong'ona ngati tikuba.

Unali mwezi wa Malichi, tsiku loika achimwene m'manda. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, ndipo mwa ana onse a mayi athu ndi ife awiri tokha amene tinali ku London. Iwo ankayendetsa basi, ine ndimasamalira okalamba ku Ilford. Mayi athu anali kumudzi ku Dedza, miyendo itawakana, moti ulendo wa pandege sakanautha. Alamu anga, akazi awo a achimwene, omwe ndi namwino wochokera ku Chipata, anali atagamula kale kuti mtembo supita ku Malawi. Anati ana ali kuno, akafuna kuona manda a bambo awo azikwera basi osati ndege. Ndinakangana nawo mpaka mawu anandithera, koma m'dziko lino mkazi akalankhula, mlongo ndi mlendo chabe.

Mayi atamva zimenezi sanalire pafoni. Anandipempha chinthu chimodzi chokha. Anati atumiza dothi la kumanda kwathu, la pafupi ndi pamene anagona bambo, ndipo ine ndi dzanja langa ndilithire pa bokosi dothi lachilendo lisanagwerepo. Ndinalonjeza. Dothilo linabwera ndi mayi wina wa kumpingo kwathu amene ankachokera kutchuthi kumudzi, ndipo anakalisiya kwa alamu ine ndili kuntchito, choncho ndinali ndisanalione. Ntchito yanga tsiku limenelo inali imeneyo basi. Zina zonse ndinaziona ngati phokoso.

Za achimwene ndinena mosapsatira, chifukwa pamaliro anthu anabisa zokwanira. Munthuyu anali ndi nthenda ya mwezi wa Febuluwale. Ali mnyamata anakaphunzirako za ulimi ku America. Ulimiwo anausiya komweko, n'kubwerako ndi chikondi cha masewera otchedwa besibolo, omwe munthu amamenya kampira ndi chibonga n'kuthamanga mozungulira bwalo. Tchuthi chawo chonse cha pachaka ankachisungira mwezi umenewo. Makoleji a kumeneko akamayamba mipikisano yawo yoyambirira m'madera otentha, kuno kukuzizira koopsa, achimwene ankanyamuka ndi anzawo angapo ulendo wa ku Florida. Akafika ankabwereka kagalimoto n'kumayenda bwalo ndi bwalo, m'mawa masewera, masana masewera, madzulo masewera. Sikuti ankaonera akatswiri otchuka ayi. Ankaonera ana asukulu, ana a eni ake, oti ngakhale dzina la achimwene sankalidziwa.

Akabwerako ankatitopetsa m'makutu ndi nkhani za kamnyamata kena kamanzere koponya mpira mwaukali, komwe ati tsiku lina dziko lonse lidzakadziwa. Ankabwera ndi zipewa zoti palibe anawatuma. Ine ndinkawafunsa kuti kodi ndege yopita ku Lilongwe inawalakwira chiyani, iwo n'kuseka, amvekere chaka chamawa. Bambo athu anamwalira mu Febuluwale. Uthenga unawapeza achimwene ali ku Florida, ndipo anaimba foni kunena kuti matikiti avuta. Ndinapita ndekha. Kumanda anthu ankandifunsa kuti mwana wamwamuna ali kuti, ine n'kumanama kuti mabwana amukaniza. Chichitikireni zimenezo, achimwene kumudzi sanapondekonso, koma Febuluwale sanamuphonyepo. Chaka chimene achimwene anamwaliracho anabwerako bwinobwino, ndipo patangopita masiku ochepa anagwa pamasitepe a m'nyumba mwawo, chikwama cha paulendo asanachimasule n'komwe.

Kunja kutayamba kuyera, amayi anayatsa mbaula za gasi kuseri kwa nyumba, pansi pa lona yomwe abambo anamangirira kumpanda. Moto wa nkhuni m'dziko lino ukhoza kukuitanirani apolisi. Mvula inali yowaza, yosatha, ndipo mphepo yochokera kumtsinje inkazimitsa mbaula za m'mphepete. Mpunga, nkhuku ndi nyemba zinkapsa mochedwa, ophika akukangana kuti waika mchere kawiri ndani. A ku Zambia anali ndi miphika yawo, ife yathu, ndipo pakati pathu ankangodutsa mawu ofunika okhaokha.

Ndinakwera kuchipinda kumene alamu anakhala pa matiresi pansi, atazunguliridwa ndi abale awo. Ndinagwada pakhomo monga mwa ulemu, ngakhale mtima sunagwade nawo.

"Alamu, dothi lija anatumiza amayi munaliika pati?"

"Ili mu cupboard ya mu passage," anayankha osandiyang'ana n'komwe.

Kabatiyo inali yodzaza ndi majekete, nsapato, makina osesera ndi chikwama chija cha achimwene. Pa shelefu, pamaso panga penipeni, panali botolo la jamu lodzaza ndi dothi lofiira, chivindikiro chake chitaphwanyika pang'ono m'mphepete. Katondo weniweni. Ndinaganiza kuti mayi wa kumpingo uja analithira m'botolo kuti lisatayike m'njira, ndipo ndinamuyamikira mumtima. Nditaligwira ndinaona kanjira kopita kumanda kwathu, ndinaona mapazi a mayi. Apa ndi pamene ndinalira koyamba misozi yeniyeni, nditabisa mutu m'majekete a anthu. Kenaka ndinaliika m'chikwama changa n'kutseka zipi.

Anthu anayamba kufika. Kuderali kulibe sitima, choncho basi iliyonse inkatsitsa kagulu ka anthu ovala zakuda, maambulera akupindika ndi mphepo. Kunabwera anamwino ochokera kuntchito ya usiku maso ali psuu, amayi a mvano atavala yunifolomu zawo pansi pa majekete, madalaivala a mabasi amitundu yonse. Ena anabwera kudzalira, ena kudzaona ngati namfedwa akulira mokwanira. Nsapato zinaunjikana pakhomo mpaka chitseko chinaleka kutsekeka.

Kenaka anafika a zipewa. Ndinawadziwa asanadzitchule. Anali anzawo aja a maulendo a ku Florida, atavala masuti akuda koma kumutu zipewa zamilomo zamitundumitundu. Wamkulu wawo anali mzungu wokalamba wa ndevu zoyera, woyenda motsimphina, ndipo pambuyo pake panali mwamuna wamtali wa ku Jamaica ndi ena. Anavula nsapato pakhomo popanda wowauza, anapereka moni ndi manja awiri, ndipo ulemu wawowo unandikwiyitsa koposa, chifukwa unasonyeza kuti achimwene anali ndi nthawi yophunzitsa azungu mwambo wa kwathu pamene analibe nthawi yopita kwathuko.

Mkulu wa mpingo amene ankayendetsa mwambo anadzandinong'oneza kuti anthuwa akupempha kuti akaike kampira ndi chipewa pa bokosi pa nthawi yotsitsa. Sindinanong'one poyankha. Ndinanena m'Chingerezi, kuti eni pempholo adzimvere okha, kuti manda si bwalo la masewera, ndipo kuti achimwene anawatenga mokwanira ali moyo, atisiyireko mtembo. Nkhalamba ija inayang'ana kampira koyera komwe inali itatulutsa kale, n'kukabweza m'thumba la jekete pang'onopang'ono. Alamu anali ataima pamasitepe ndipo anamva zonse. Amayi ena a kwathu anandigwira dzanja mondivomereza. Ndinamva kukoma, sindinama.

Mapemphero anachitikira m'holo yomwe mpingo wathu umabwereka. Bokosi analibweretsa komweko anthu a kampani yoika maliro, ovala magolovesi oyera, ndipo tinadutsa pamzere kuona nkhope. Achimwene anaoneka ngati munthu amene wagona atakhuta, alibe mlandu ndi wina aliyense. Olankhula analankhula. Woimira madalaivala anati sanachedwepo kuntchito. Woimira akuchikazi anati anali mkamwini wabwino. Wina anafika ponena kuti malemuwa ankakonda kwawo, ndipo ine ndinatsokomola mpaka mayi woyandikana nane anandipatsa madzi. Abusa analalikira akuyang'ana wotchi, chifukwa panja panali kale anthu ena onyamula mabaluni, odikira holoyo kuti achitiremo phwando.

Ulendo wa kumanda sunali ulendo wa maliro monga ndimaudziwira. Palibe anayenda pansi, palibe anaimba. Galimoto yonyamula bokosi inatsogola, zathu pambuyo, koma maloboti anatidula zidutswazidutswa, ndipo pakati pathu panalowa malole ndi anthu opita kokagula zinthu. M'mbali mwa msewu palibe anaima kapena kuvula chipewa. Basi imodzi yokha, podutsana nafe, inaliza hutala motalika, dalaivala wake atakweza dzanja.

Ine anandikweza m'galimoto imodzi ndi alamu ndi ana awo aakazi. Tili m'njira ndinatulutsa botolo lija kuti ndione ngati chivindikiro chitseguke mosavuta, poopa kukalimbana nacho pamaso pa anthu. Alamu analiyang'ana nthawi yaitali. Anatsegula pakamwa ngati alankhula, kenaka anatembenukira kuwindo. Ndinati m'mtima, manyazi akugwireni, dothi la ku Dedza lakutsatirani mpaka kuno.

Kumanda kunali mphepo yolasa m'mafupa. Dzenje linali litakumbidwa kale ndi makina, ndipo mulu wa dothi anauphimba ndi nsalu yobiriwira yonga udzu, ngati dothi ndi chinthu chochititsa manyazi. Chapatali panaima wantchito wa pamandapo, manja m'thumba, kudikira kuti tithane nazo. Amayi a mvano anayamba nyimbo, ndipo poti kuno kunalibe khoma loti wina amenye, anaimba ndi mawu onse. Bokosi linatsika. A zipewa anaima kumbuyo kwa anthu onse, zipewa zili pachifuwa, mvula ikuwagwa pamutu.

Abusa asanatole dothi lawo, mkulu wa mpingo anakweza dzanja n'kulengeza kuti mayi a malemu atumiza dothi la kumanda kwa makolo, ndipo mlongo wawo ndiye athire choyamba. Anthu anandipatsa njira. Ndinaima pamphepete pa dzenje, nsapato zikumira, n'kukweza botolo kuti aliyense alione, makamaka akuchikazi ndi a zipewa.

"Achimwene, mwayenda mokwanira. Amayi akuti kumene kwachokera dothili ndiye kwanu. Ligone nanu."

Ndinalikhuthula lonse, osasiyako ngakhale kambewu. Linagwa pa chivindikiro cha bokosi n'kumwazika, ndipo mvula italinyowetsa linafiira kwambiri. Amayi anakweza nyimbo, ena analira mokuwa kutchula midzi ya kwawo. Kumbuyo ndinamva kulira kwa mwamuna. Inali nkhalamba ya ndevu zoyera ija, ikusisima ngati mwana, wa ku Jamaica ataigwira m'mapewa. Ndinati awa ndiye akufuna kutionetsa kuti iwonso amatha.

Abambo a kwathu anakana zoti makina akwirire munthu, ndipo atakangana pang'ono ndi wantchito uja anapatsidwa mafosholo. Anasinthanasinthana, masuti akudetsedwa, mpaka dzenje linadzaza ndi dothi lotuwa lamiyala la m'dziko lino. Tinaika nkhata. Pochoka ndinamva thupi kupepuka. Ndinali nditaluza mkangano wa mtembo, koma lonjezo la mayi ndinali nditalikwaniritsa pamaso pa anthu onse.

Chakudya tinakadyera kunyumba, ena m'galaja, ena pansi pa lona, ena chiimire pamasitepe. Ndinali kugawa mpunga pamene nkhalamba ija inandipeza. Inandigwira manja onse awiri, chipande chidakali m'dzanja, maso ake ali ofiira. Inalankhula m'Chingerezi, mofatsa. Inati ikupepesa chifukwa cha pempho la m'mawa lija, sinkadziwa kuti banja lakonza kale chinthu choposa kampira. Inati botolo lija inalizindikira ndi chivindikiro chake chophwanyika, chifukwa inalipo pamene achimwene analitola pamalo pomwe ankagona ku Florida, jamu atatha. Tsiku lomaliza, masewera atatha, achimwene anapempha wosamalira bwalo, n'kugwada pafupi ndi pamene amaima womenya mpira, n'kudzaza botololo ndi manja awo. Inati ankatero chaka chilichonse, ndipo sinaganizepo kuti mlongo wawo angawamvetse chotere.

Ndinasolola manja anga. Ndinapereka chipande kwa mayi amene anali pafupi n'kukakhala m'bafa, nditakiya chitseko, mpaka anthu anayamba kugogoda.

Dzuwa, ngati linalipo, linalowa anthu akutsanzika. Mabasi anawatenga monga anawabweretsera. Ophika anatsuka miphika, a ku Zambia yawo, ife yathu, lona inatsitsidwa, mulu wa nsapato unatha pakhomo. Nyumba itachepa anthu ndinabwerera ku kabati ija. Ndinachotsa majekete, ndinakoka chikwama cha achimwene, ndipo pansi pakona, kuseri kwa nsapato, panali kamtolo komangidwa m'kansalu. Nsaluyo ndinaidziwa. Inali chidutswa cha chitenje chakale cha mayi, chamaluwa achikasu, chimene ankavala popita kudimba, ndipo mfundo yake inali ya mayi, yolimba yoti umasule ndi mano. M'kati munali kajumbo ka shuga, ndipo m'kajumbomo munali dothi. Silinali lofiira n'komwe. Linali lodera, lokhala ndi timizu ta udzu.

Alamu ndinawapeza kuchipinda akupinda mabulangete, abale awo atatsikira kukhitchini. Pawindo, kuseri kwa katani, panali mzere wa mabotolo a dothi lofiira, lililonse ndi kapepala kake. M'mawa sindinawaone chifukwa ndinathera pakhomo. Ndinawaonetsa kamtolo kaja.

"Alamu, botolo lija munaliona m'galimoto."

"Ninaiona."

"Ndiye munangokhala chete?"

Anamaliza kupinda bulangete limene linali m'manja mwawo, ndiye n'kundiyang'ana, koyamba tsiku lonselo.

"Nenze nifuna kukamba, koma ninakumbukila vamene munachita banzawo m'mawa muja. Mulamu, zaka zonse izi mwenze mumushauta chabe pa phone. Muntu uja enze na manyazi kuyenda ku Malawi, imwe mwenze muikilako nkhuni. Ku Florida ndiye kwamene enze kuseka. So ninamuleka ayende na doti yake."

Zina zimene ndinawayankha sindingazilembe pano. Ndinawakumbutsa kuti dothili silinali langa ayi, linali la mayi wokalamba amene sadzaona manda a mwana wake, ndipo kuti ngati anali ndi mlandu ndi ine akanandilanga ine. Sanakane. Anangoti mawa tikhoza kupita kukalithira pamwamba. Pamwamba, ngati feteleza wa m'munda! Mayi anati pa bokosi, dothi lachilendo lisanagwerepo, ndipo tsopano pakati pa bokosilo ndi dothi la mayi panali dzenje lonse lodzaza, ndi katondo wa ku Florida pansi penipeni. Ndinakwiyira alamu, ndinakwiyira nkhalamba ija ndi ulemu wake, koma koposa onse ndinakwiyira achimwene, amene ngakhale atafa anapezabe njira yozembera kwawo, ndipo anaizembera kudzera m'dzanja langa.

Panatsala foni. Mayi anali akudikira chiyambire masana kunyumba ya aphunzitsi a m'mudzi mwathu, omwe anali ndi foni ya m'manja. Ndinatsikira pabalaza, ndinakhala pa kapeti pamene ndinagona, n'kukanda khadi yoimbira kunja. Manambala ndinawalakwitsa kangapo. Aphunzitsi atayankha ndinamva akuthamanga, kenaka kupuma kwa mayi.

"Wamuika mchimwene wako?"

"Tawaika, amayi."

"Dothi lija wathira? Ndinakumba ndekha, kumutu kwa bambo ako. Anyamata anafuna kundithandiza koma ndinakana."

Kamtolo kanali pamiyendo panga. Ndinakayang'ana.

"Ndathira, amayi."

"Linagwera pa bokosi penipeni?"

"Penipeni."

Anapuma mpweya wautali. Anati basi, mwana wawo wafika kwa bambo ake, lero agona tulo. Anandithokoza ponditchula dzina la paubwana, ndipo foni inaduka ndisanayankhe.

M'nyumba munali zii. Kukhitchini munkamveka firiji yokha, m'mwamba alamu akukoka matiresi kuwabweza pabedi. Pamsomali wa kuseri kwa chitseko panapachikidwa chipewa cha achimwene, ndipo pansi pake wina anali atasiya kampira koyera kaja. Kuseri kwa khoma mzungu wa khomo loyandikana uja anayatsa wailesi yakanema, bata lake atalipeza. Apa ndi pamene kulira kwenikweni kunandibwerera, kwa kumudzi, koti kamveke mpaka kutsidya. Ndinaluma nsalu ya mayi kuti asandimve.